Wadzanai Wosoka Zigamba

Mukafika ku Aerodrome kuno ku Bindura n'kufunsa za Wadzanai Nkhoma, anthu akuyang'anani ngati mwasokera. Koma nenani kuti mukufuna mng'ono wake wa Charmaine, ndipo ngakhale mayi wogulitsa tomato pakona akulozerani geti. Zakhala choncho kuyambira ali ana, ndipo zimamudya mtima mpaka lero.

Ine ndine Luckmore, msuweni wawo. Mayi anga ndi mlongo wawo wa a Zakeyo Nkhoma, bambo a atsikana awiriwa, omwe anakalambira pansi pa mgodi wa nikelo monga anachitira atate awo atabwera kuchokera ku Dedza. Anzathu Achishona amati mwana wamkazi wa amalume ndizimutchula kuti amainini, ndizimupatsa ulemu wa mayi. Ine ndimakana. Kwathu msuweni ndi wosereula naye, ndipo ufulu umenewo sindingausiye chifukwa choti ndinabadwira kuno. Choncho ndinena zonse poyera, wokwiya akwiye.

Tonse atatu timagwira ntchito pa kampani imodzi yaing'ono yopanga timabokosi ta m'migodi. Kabokosiko timakamangirira pansi kumene anthu akukumba, kamanunkhiza mpweya, ndipo mpweya ukaipa kamalira kuti anthu atuluke. Wotsika nato ndine. Ndimalowa m'mayenje a makorokoza, okumba golide paokha aja, cha ku Madziwa ndi ku Musana, nditakhala m'chidebe chomangidwa ku chingwe, mtima uli m'mwamba. Asuweni angawo amakhala pa mipando, kapu ya tiyi pambali. Nsanje ndili nayo, sindibisa, koma yanga ndi yaing'ono poyerekeza ndi imene ndikufuna kukuuzani.

M'kati mwa kabokosiko muli pulogalamu, ndipo pakatikati pa pulogalamuyo pali chimene amati kenelo, chomwe chimalamula tizitsulo tonse kuti aka kadzuke, ako kagone. Kenelo si ya kampani yathu. Imalembedwa ndi anthu a m'maiko onse, aliyense kuponyamo kachidutswa kake, ndipo amakambirana pa imelo imene aliyense padziko angawerenge. Pali kenelo yatsopano imene imasintha tsiku ndi tsiku, ndiye pali yokhazikika, yakale, imene ili m'zinthu zomwe anthu akugwiritsa kale ntchito. Mu yokhazikikayo salowetsamo zatsopano, ngakhale zikome chotani. Chololedwa ndi chigamba chokha, kachidutswa kakang'ono kokonza chilema chenicheni chimene chavutitsa munthu. Chifukwa chake n'chomveka. Chatsopano chilichonse chimabwera ndi zilema zakezake, ndipo kabokosi kamene kakulondera miyoyo ya anthu pansi paja sikoyeserapo nzeru.

Charmaine amalemba zatsopano. Wadzanai amalondera yakale ya m'timabokosi tathu, kusankha zigamba zoyenera kulowa ndi kubweza zina zonse.

Nanga mukuganiza kuti wotchuka angakhale ndani? Charmaine ndi amene analemba kachidutswa kolankhula ndi mphuno ya kabokosi, ija yonunkhiza mpweya, ndipo akuluakulu a kenelo anakalandira. Dzina lake linalowa m'kenelo ya dziko lonse. Anamuitana ku msonkhano ku Cape Town, anakwera ndege, anabwerako ndi chithunzi chimene amalume anachikoloweka pabalaza pamwamba pa wailesi. Anasamukira ku Harare. Ku tchalitchi cha amalume, chija amaimbabe nyimbo za Chichewa, ikafika nthawi yothokoza Mulungu iwo amaimirira ndi ndodo yawo n'kuyamba: "Mwana wanga Charmaine." Wina akafunsa za winayo, amayankha mwachidule kuti, "Ameneyo amathandiza mkulu wake."

Wadzanai amakhala nawo m'nyumba momwemo. Ndi iye amawaphikira, amawaperekeza kuchipatala chifukwa cha chifuwa chawo cha kumgodi, ndipo ntchito yake amagwirira pa tebulo lodyera, moyang'anizana ndi chithunzi chija. Sankafuna ndege, sankafuna Harare. Ankafuna chinthu chimodzi, chakuti tsiku lina bambo ake adzaimirire pamaso pa anthu n'kutchula dzina lake. Anandiuza yekha, osati kamodzi.

Koma munthu angatchuke bwanji ndi ntchito yokana? Pa kampani anamupatsa dzina lakuti Mai Kwete, kutanthauza mayi Ayi. Bwana akabwera ndi maganizo oti timabokosi takale tiziwala mitundu itatu kuti makasitomala asangalale, iye amafunsa mafunso ake awiri omwewo: "Chikukonza chiyani? Wavutika ndani?" Ukalephera kutchula munthu wovutikayo, wabwerera. Ngakhale ine msuweni wake ndinapempha kuti kabokosi kazitumiza uthenga pa foni yanga, ndisamatsike m'dzenje kukangowerenga manambala.

"Muzukuru," anatero, pofuna kundikumbutsa kuti pa Chishona ndine mwana kwa iye, "chimenecho si chilema. Ndi ulesi wako."

Ntchitoyo amaidziwa, zimenezo ndimuchitire umboni. Chiyambireni kulondera iye, palibe kabokosi kanafa chifukwa cha chinthu chimene analowetsa. Koma kabokosi kakamagwira bwino ntchito palibe amaomba m'manja.

Tsono nsanje yake inali ndi kachitidwe kake. Zimene Charmaine amalemba n'zatsopano, ndipo zolembedwa pamutu kuti n'zatsopano Wadzanai sayenera n'kuzitsegula komwe. Za anthu ena amazidumphadi. Koma za mkulu wake amaziwerenga mzere ndi mzere, chala chili pa galasi la kompyuta, milomo ikugwedera, kufunafuna pamene waphonya. Ankadziwa kuti ndi tchimo. Ku tchalitchi chake cha Chipentekoste anapitapo kutsogolo kuti amupempherere mzimu wa godo, ndiyo nsanje pa Chishona. Abusa anamugwira pamutu, anagwa, azimayi anamufunda nsalu. Lolemba m'mawa chala chinali pa galasi.

M'nyengo ya mvula yapitayi ndinabwera ndi dandaulo. Pa dzenje lina ku Madziwa anyamata anandiuza kuti anatuluka mitu ikuwawa, wina anasanza, koma kabokosi kanali duu. Nditatsika ndinapeza nambala ya mpweya itaima pamodzimodzi, ikunena kuti zonse zili bwino. Ndinakazimitsa n'kukayatsanso, kanayamba kugwira ntchito. Ndinafunsa chimene chinachitika tsikulo, anati magetsi anathima ndipo anasinthira ku jenereta. Ku ofesi anayesa kambirimbiri, sizinachitikenso, ndipo pomaliza anagamula kuti Luckmore analumikiza mawaya molakwika. Ndinameza mawuwo, koma sindinawaiwale.

Patapita nthawi Charmaine anatumiza ntchito yake yaikulu, yoti timabokosi tatsopano tizidya moto pang'ono kuti tizitha kuyendera sola. Anthu a kenelo anaiyamikira. Masana ena Wadzanai anandiimbira kuti ndibwere msanga. Ndinathamanga poganiza kuti amalume adwalika, koma ndinawapeza ali pakhonde akusenda nzimbe. Wadzanai anandikokera ku tebulo.

"Ona apa," anatero.

Ine ndinangoona zilembo zambirimbiri. Anandifotokozera pang'onopang'ono. Pakatikati pa ntchito ya sola ija panali timizere tingapo tosakhudzana ndi sola. Tinkauza kabokosi kuti magetsi akaphethira n'kubweranso msanga, kadzutsenso mphuno yake. M'kachidutswa kakale, kaja kanamukweza Charmaine ndege, zimenezi munalibe. Magetsi akaphethira mwa mtundu winawake, mphuno inkagona osadzukanso, ndipo kabokosi kankangobwereza nambala yomaliza. Mawaya anga analibe mlandu.

"Akudziwa," anatero Wadzanai. "Munthu sangalembe izi mwangozi. Wapeza chilema chake, wachikonza, ndiye wachibisa m'kati mwa zatsopano kuti asachitchule."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo choopsa chinali ichi: popeza zonse zinalembedwa kuti n'zatsopano, zikanangolowa m'timabokosi tamtsogolo. Takale tonse, timene ndinamangirira ndi manja anga m'mayenje onse aja, tikanakhala ndi chilemacho mpaka kalekale. Anthu ambiri amayesa kuzembetsa chatsopano pochiveka dzina la chigamba, ndipo otero Wadzanai amawagwira tsiku ndi tsiku. Uyu anachita zosiyana, anabisa chigamba m'chatsopano, ndipo palibe mlonda akanachiona kupatula wansanje.

Ndinayang'ana nkhope ya msuweni wanga. Mantha analipo, inde. Koma maso ankawala ngati a mwana amene waona alendo atanyamula thumba.

Anaimbira Charmaine ine ndili pomwepo, foni ili pa tebulo. Awiriwa akamalankhulana amasakaniza Chishona ndi Chingelezi, Chichewa amachisungira bambo awo, choncho zambiri ndikuikirani m'chathu.

"Sisi, timizere ta magetsi tija ndationa."

Charmaine anaseka kaseko kouma. "Umawerenga zonse, nhai? Zvakanaka, chabwino. Tenga ntchito yonseyo ulowetse m'yakaleyo. Afunse ndani?"

"Hazviite, sisi, sizingatheke. Ndi yaikulu, ndi yatsopano, sinayesedwe pa timabokosi takale. Ndikonze chilema chimodzi n'kulowetsa zina zosadziwika?"

"Ndiye ingodula timizereto ulowetse mwakachetechete."

"Kachidutswa kanu sikali kwathu kokha. Kali m'kenelo ya dziko lonse. Ena amene akukagwiritsa ntchito adziwa bwanji? Chigamba chiyenera kupita poyera, ndipo mukudziwa mzere umene umalembedwa pansi pake."

Mzere umenewo ndiwo unali fupa la nkhani. Mwambo wa anthu a kenelo ndi wakuti chigamba chilichonse chitchule ntchito imene inabweretsa chilemacho, kuti alonda a kenelo zakale adziwe kumene chikufunika. Ndipo mwini ntchitoyo amaikidwa pa imelo, dzina lake poyera. Kwa azungu ndi amwenye a kumeneko ndi nkhani wamba, amalakwa m'mawa n'kukonzana masana. Koma kwa ana a Zakeyo Nkhoma, mng'ono kuloza chala mkulu wake pabwalo la dziko lonse si nkhani wamba.

"Wadza, ndapota, chonde," anatero Charmaine, mawu atatsika. "Mwezi wamawa ndikukalankhula ku msonkhano za kachidutswa komweka. Ndidikire ndibwereko, ndidzatumiza ndekha."

"Anthu ali pansi lero, sisi."

Wadzanai anadula foni. Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo ine wotsika m'mayenje ndinali woyamba kuvomereza. Mwezi ndi wautali kwa munthu amene akupuma mpweya woipa. Koma panali njira ina, ndipo ndinamuuza.

"Muimbirenso. Umuuze atumize yekha lero lomwe, m'dzina lake. Wolakwa akadzikonza yekha manyazi amachepa."

"Akana."

"Sunamufunse."

Anali atayamba kale kulemba. Akuluakulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma msuweni wanga mwala anali atautola kalekale, ankangodikira khoswe. Anadula timizere tija, anatiyesa pa kabokosi kakale kamene amasunga pansi pa tebulo, akuzimitsa ndi kuyatsa magetsi mpaka mphuno inagona, kenako n'kuonetsa kuti ndi chigamba sikugonanso. Analemba bwinobwino zimene zinachitika ku Madziwa. Analemba kuti nzeru ya timizereto anaitenga m'ntchito ya Charmaine, pakuti iye si wakuba. Pansi anaika mzere uja. Pamwamba, pa malo a wolemba, anaika Wadzanai Nkhoma, koyamba chiyambire ntchito. Dzuwa lisanalowe chinali chitapita.

Akuluakulu a kenelo anachilandira mosavuta. Ndipo tsiku lotsatira Charmaine anayankha pa imelo yomweyo, pamaso pa onse. Analemba kuti chilemacho ndi chake, kuti analakwa posapatula chigambacho m'ntchito yatsopano ija, ndipo akuthokoza mng'ono wake wa maso akuthwa. Mawu ochepa, aulemu, osalala. Anthu a kumeneko anayamba kumuyamikira chifukwa chovomera msanga. Bwana wathu anatumiza uthenga kwa tonse wonena kuti tiphunzire kudzichepetsa kwa Charmaine. Ine ananditumiza kuzungulira mayenje onse ndi chigambacho, m'matope, ndipo za mawaya anga palibe anapepesa.

Wadzanai anawerenga yankho la mkulu wake kambirimbiri. "Mng'ono wake," anatero. "Ngakhale apa."

Koma Charmaine wa pa imelo ndi Charmaine wa pa foni anali anthu awiri. Anaimbira mayi anga akulira, kuti mwana wa mayi ake wamuvula pagulu. Mayi anga si munthu wosunga madzi m'kamwa, ndipo nkhani inafika kwa amalume isanazizire. Anaitanitsa banja lonse Lamulungu masana. Charmaine anabwera pa galimoto kuchokera ku Harare, atavala zoyera. Kunabwera mayi anga, akulu awiri a mpingo wa amalume, ndi achibale ena a ku Musana amene sindikudziwa anamva bwanji. Tinadzaza khonde, ena anakhala pa masitepe.

Amalume anaimirira ndi ndodo yawo monga amachitira ku tchalitchi. Anatsokomola nthawi yaitali. Kenako anayang'ana anthu onse n'kunena mokweza:

"Mwana wanga Wadzanai."

Ndinamuona akudzidzimuka pa khomo pamene anaima ndi beseni la madzi osamba m'manja. Analiika pansi pang'onopang'ono.

"Bwera apa. Gwada pamaso pa mkulu wako."

Anabwera, anagwada pa simenti. Anayamba kufotokoza m'Chichewa chake chopunduka, chosakaniza, za mphuno ya kabokosi, za magetsi, za anyamata a ku Madziwa. Amalume anakweza dzanja.

"Aikona. Za mpweya usandiphunzitse ine. Ndinanyamulapo anzanga pamsana chifukwa cha mpweya, iwe usanabadwe. Kabokosiko unachita bwino kukakonza, ndipo ukanapanda kutero ndikanakukwapula ndi ndodo ino." Anapuma, chifuwa chikulira. "Ine ndikufunsa china. Luckmore akuti panali njira yoti mkulu wako atumize yekha. Zoona?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinali nditauza mayi anga, ndipo mukudziwa kale za mayi anga.

"Zoona, baba," anatero Wadzanai.

"Ndiye pamene unkalemba dzina la mkulu wako pamenepo, mtima wako unamva bwanji?"

Akanatha kunena kuti unawawa, ndipo tonse tikanavomera n'kupita kukadya. Koma mtsikana ameneyu ntchito yake yonse ndi kutchula chinthu dzina lake lenileni, ndipo sadziwa kuchita mwina.

"Ndinakondwa, baba."

Mayi anga anagwira pakamwa. Mkulu wina wa mpingo anayang'ana nsapato zake.

"Ndinakondwa kwambiri," anabwereza, misozi ikutsika. "Ndine urombo, sisi. Pepani."

Charmaine anadzuka pa mpando wake. Ndinaganiza kuti amulalatira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero, kuti kamodzi kokha aoneke woipa. Koma anawerama, anaika dzanja pa phewa la mng'ono wake, n'kunena m'Chichewa chomveka bwino chimene sindinkadziwa kuti ali nacho: "Ndakukhululukira, mng'ono wanga. Chibale ndi fupa, sichiola."

Amalume anagwetsa ndodo. Anagwira manja onse awiri a Charmaine n'kutembenukira kwa akulu a mpingo aja.

"Mwamuona mwana wanga Charmaine? Analakwa, anavomera pamaso pa dziko. Anachititsidwa manyazi, wakhululuka. Mtima wotere mungaupeze kuti?"

Akuluwo anati ameni. Wina anayambitsa nyimbo, azimayi analandira, ndipo itatha amalume anapempha Charmaine kuti apempherere chakudya. Anthu anayamba kusuntha mipando, mbale zinatuluka, mayi anga anatola beseni lija n'kuyamba kusambitsa alendo m'manja. Wadzanai anali chigwadire pakati pa khonde, anthu akumulambalala. Palibe anakumbukira kumuuza kuti adzuke.

Ndinapita kukamugwira pa chigongono. Mawondo ake anali atayera ndi fumbi la simenti. Sanandiyang'ane ine, maso ake anali pa mkulu wake, amene ankawaikira bambo awo nyama m'mbale.

"Waona, Luckmore?" ananong'ona. "Ngakhale kulakwa, amalakwa bwino kuposa ine."